Mtovu m'fumbi la m'tauni: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Karonga

Karonga ikukula. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 360,000 m'boma lonse, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Chilumba, kudutsa pa boma mpaka pa chipata cha Songwe, amadzionera yekha kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza, magalaja, mashopu a penti ndi masola pa madenga. Chimenechi n'chitukuko ndipo timachifuna. Koma chimabwera ndi mabatire komanso zitini za penti, ndipo m'menemo mumakhala mtovu, chitsulo chowononga ubongo wa ana mwakachetechete. Masiku ano kuli timakina toti munthu n'kunyamula m'chikwama, totha kupeza mtovu m'dothi ndi m'magazi pompopompo. Nawa mafunso amene kholo, mfumu kapena khansala angakhale nawo pa nkhaniyi.

Kodi mtovu n'chiyani, ndipo umalowa bwanji m'thupi?

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, chofewa, cholemera kwambiri, chomwe sichichedwa kusungunuka. Chimasungunuka pa madigiri 327, kutentha komwe mbaula ya makala imafikako mosavuta. Mtovu wambiri umene dziko lapansi limagwiritsa ntchito umapita m'mabatire a galimoto, njinga zamoto ndi sola, ndipo pa kulemera kwa batire lotere, kuposa theka ndi mtovu.

Umalowa m'thupi kudzera m'kamwa ndi m'mphuno. Wosungunula mtovu amapuma utsi wake. Utsi uja ukazizira umagwa pansi n'kusakanikirana ndi fumbi, ndipo sumaola ngakhale patapita zaka makumimakumi. Mwana wokwawa amagwira dothi, amayamwa zala, amatola chikonyo cha chimanga chomwe chagwa pansi n'kuika kukamwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa mtovu womezedwa, thupi la mwana limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi la munthu wamkulu. Mwana wanjala kapena wosowa magazi amayamwa woposa pamenepo, chifukwa thupi lake limautenga poyesa kuti ndi ayironi kapena kashiamu.

Nanga umamuchita chiyani mwanayo?

Kawirikawiri palibe chooneka. Mwana amasewera, amadya, kusikelo amakwera bwino. Vuto limadzaonekera ku sukulu: kuiwalaiwala, kulephera kukhazikika, kubwereza kalasi, kukwiya msanga. Makolo amati ndi ulesi, aphunzitsi amati ndi mutu wouma. Mtovu ukachuluka kwambiri m'pamene pamabwera kupweteka m'mimba, kusanza, kuchepa magazi, kukomoka, ngakhale imfa, ndipo zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo aakulu.

Kwa akuluakulu mtovu umakweza BP, umawononga impso, ndiponso umatha kuchititsa kuti mayi apite padera kapena abereke mwana wosakwana masiku. Umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akaima umabwereranso m'magazi n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

WHO imanena mosapsatira kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi. Lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la mu 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko, pafupifupi ana 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika pa mlingo wodetsa nkhawa. Chopweteka n'chakuti nzeru zomwe zawonongeka sizibwereranso. Madzi akatayika saoleka.

Ku Karonga kulibe mgodi wa mtovu. Ndiye ungachokere kuti?

Choyamba ndi mabatire akutha. Batire la sola silikhalitsa, makamaka kumalo otentha a m'mbali mwa nyanja, ndiponso pamene likugwira ntchito popanda kachipangizo kolamulira moto wolowa ndi wotuluka. Likafa mwiniwake salitaya. Amapita nalo kwa wokonza mabatire kapena kwa ogula zitsulo zakutha. Asodzi a usipa amene anasiya nyali za parafini n'kuyamba magetsi a batire, akabaza, a minibasi, otchajitsa mafoni ndi oonetsa mpira, onsewa amatha mabatire.

Akatswiri a ku University of Manchester, pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2024, anaona mmene ntchitoyi imagwiridwira m'madera ozungulira mzinda wa Lilongwe. Wokonza amadula chivundikiro cha batire ndi chikwanje, asidi n'kumuthira pansi. Amasolola timapuleti ta m'kati, takufumbutuka n'kutitaya pambali. Zidutswa za mtovu amaziika m'chitini pa mbaula, zikasungunuka amaumba timapuleti tatsopano ndi manja opanda magolovesi. Zonsezi zimachitika m'mbali mwa njira ya mumsika, anthu akudutsa. Ofufuzawo anawerengera kuti batire limodzi lokonzedwa motere limatha kumwaza mtovu woposa makilogalamu atatu. Tsono ganizirani mayi wogulitsa mandazi pafupi ndi pamenepo, mwana wake akukwawa pa chitenje choyala pansi. Kulikonse kumene batire limaswedwa motere, kaya ndi ku Lilongwe, pa boma pa Karonga, pa Uliwa kapena pa Songwe, mtovu umagwa pansi chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi penti wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, wopaka zitseko, mawindo, mabedi a zitsulo ndi zoseweretsa za ku sukulu za mkaka. Akayamba kusupuka kapena akapalidwa ndi sandipepa amasanduka fumbi la mtovu.

Chachitatu ndi mapoto oumba kuchokera ku zitsulo zosungunula. Kafukufuku m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Cameroon, anapeza kuti woumba akasakaniza zidutswa za injini ndi maradiyeta, poto amatha kutulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chowawasa monga ndiwo za matimati ambiri. Palinso timiyala ta mtovu tolemeretsa maukonde ndi mbedza, tomwe ena amasungunula pakhomo, komanso wanja wopaka m'maso, umene mitundu yake ina imapangidwa ndi mwala wa mtovu.

Chomaliza ndi petulo wakale. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, Malawi ali momwemo, anasiya petulo wa mtovu kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko la Algeria linali lomaliza padziko lonse mu 2021. Koma utsi wa zaka zonse zija unatsalira m'dothi la m'mbali mwa misewu ndi m'madepoti.

Kodi migodi ya Kayelekera ndi ya malasha ikukhudzidwa ndi nkhaniyi?

Ndi nkhani yoyandikana, koma si imodzi. Ku Kayelekera, komwe kampani ya Paladin inatsegula mgodi mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014, kenako n'kuugulitsa kwa Lotus Resources mu 2020, kumakumbidwa yureniyamu. Nkhawa ya kumeneko ndi mphamvu ya radiyeshoni ndi madzi otsikira m'mitsinje ya Sere ndi North Rukuru, ndipo radiyeshoni imayezedwa ndi zipangizo zakezake. Kumigodi ya malasha monga wa ku Mwabulambo, madandaulo omwe bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2016 anali a fumbi, madzi, minda, komanso kubisiridwa zotsatira za kuyeza.

Dandaulo lomalizali ndilo phunziro kwa ife. Anthu a ku Karonga akudziwa kuwawa kwa kuona akatswiri akutunga madzi m'mabotolo n'kupita osabweranso. Ubwino wa makina onyamula m'manja ndi wakuti mwini khomo amaona yankho ndi maso ake.

Makina amenewa amagwira ntchito bwanji?

Odziwika kwambiri amatchedwa XRF. Ndi kachipangizo kogwira ndi dzanja limodzi, kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, kokhala ndi kazenera kutsogolo ndi kagalasi koonetsa manambala kumbuyo. Woyeza amagunditsa kazenera kaja padothi, pakhoma kapena papoto n'kukanikiza batani. Makinawo amatumiza kuwala kwa ekisire, kofanana ndi kojambulira mafupa kuchipatala koma kochepa mphamvu. Kuwalako kukamenya chinthu, chitsulo chilichonse chomwe chili m'menemo chimabweza kuwala kwa mtundu wakewake. Mtovu uli ndi kabwezedwe kake, ayironi kake, kopa kake. Makina amawerenga zobwererazo, ndipo pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri nambala yatuluka.

Pakhomo ntchito imayenda chonchi. Woyeza amafunsa mayi wa pakhomopo pamene ana amakonda kusewera. Amayeza pakhonde, pamtondo, pansi pa mtengo wa mango, pamene amayanika ufa ndi mpunga, pansi pa zenera lopentedwa, ndi pakona pamene bambo amasungira batire. Pamalo aliwonse amachotsa zinyalala, amasalaza dothi, amayeza, n'kulemba malowo ndi GPS ya pafoni. Pofuna yankho lodalirika amatapa dothi lapamwamba pamalo angapo, n'kulisakaniza m'kapepala ka pulasitiki, kuliyanika, kulisefa, kenako n'kuyeza katatu. Pa tsiku limodzi gulu laling'ono limatha kuyeza malo oposa zana, ndipo pamapeto pake pamatuluka mapu osonyeza pamene pali poipa ndi pamene pali bwino.

Manambalawo amatanthauza chiyani?

M'dothi ndi mu penti mtovu umawerengedwa mu ppm, kutanthauza mamiligalamu a mtovu mu kilogalamu imodzi. Dothi labwinobwino lachilengedwe limakhala ndi ma ppm makumi ochepa chabe. Bungwe loona zachilengedwe la ku America, mu Januwale 2024, linatsitsa mlingo woyambira kufufuza pamakomo a anthu kuchoka pa 400 kufika pa 200. Pa mlingo wa 200, thumba la dothi la makilogalamu 50 limakhala ndi mtovu wolemera magalamu 10 okha, kamene mutakaumba pamodzi kangakule ngati njere ya nzama. Kochepa choncho n'kokwanira kudetsa nkhawa. Pamalo oswera mabatire nambala imafika masauzande ambiri.

Pa penti, malire omwe WHO ndi bungwe la UNEP amalimbikitsa ndi 90 ppm. Pa madzi akumwa, WHO inaika mamaikulogalamu 10 pa lita. M'magazi amawerenga mamaikulogalamu pa desilita. WHO imati pa 5 gwero lifufuzidwe n'kuchotsedwa, a ku America anatsitsa wawo kufika pa 3.5 mu 2021, ndipo mwana akafika pa 45 madokotala amaganizira za mankhwala ochotsa mtovu m'thupi.

Kodi makinawa salakwitsa? Nanga ekisire yakeyo si yoopsa?

Ali ndi malire ake, ndipo woyeza wabwino amawadziwa. Amangoona pamwamba penipeni, mamilimita ochepa, choncho mtovu wokwiririka amaudutsa pokhapokha mutakumba. Dothi lonyowa limaonetsa nambala yotsika kusiyana ndi yeniyeni. Ku Karonga nthawi yabwino yoyeza ndi chilimwe, ndipo malo amene madzi osefukira a North Rukuru adutsapo ayenera kuyezedwanso chifukwa matope amasamutsa dothi. Chitsulo china chapoizoni chotchedwa aseniki chimabweza kuwala koyandikana ndi kwa mtovu, motero pofunika luso posiyanitsa. M'madzi mtovu umakhala wochepa kwambiri moti XRF siutha kuuona, ndipo madzi amayenera kupita ku labotale. N'chifukwa chake ndondomeko yabwino imati mwa zoyezedwa 20 zilizonse, chimodzi chitumizidwe ku labotale kukatsimikizira.

Ekisire yake siivulaza ngati makina akulozetsedwa pansi kapena pakhoma. Salozetsedwa kwa munthu, ndipo chinthu choyezedwa sichigwiridwa m'manja. Kuno kwathu zipangizo zotulutsa radiyeshoni zimayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2011. Mtengo ndiwo wovuta, chifukwa makina amodzi amagulidwa ndi madola a ku America masauzande makumi angapo. Koma amodzi okha angathe kutumikira Karonga, Chitipa ndi Rumphi mosinthana.

Nanga magazi a mwana amayezedwa bwanji?

Pali kamakina kena kotchedwa LeadCare II, koyendera mabatire wamba. Wachipatala amasambitsa dzanja la mwana ndi sopo, amabaya chala monga poyeza malungo, amasakaniza kadontho ka magazi ndi mankhwala, n'kudontheza pa kachingwe koyezera. Pakatha mphindi zitatu yankho latuluka, kuyambira pa 3.3 mpaka pa 65. Kusambitsa dzanja n'kofunika kwambiri, chifukwa fumbi lotsalira pachala lingakweze nambala monama. Nambala ikakhala yokwera, magazi a mu mtsempha amatengedwa kuti atsimikizire.

Makina awiriwa amadalirana. Oyeza magazi amaloza mwana amene akuvulala, oyeza dothi amaloza chomuvulaza. Kupereka mankhwala kwa mwana n'kumubwezera pabwalo lomwe lija n'kutaya nthawi, pakuti mtovu umalowanso.

Kodi pali kumene kuyeza kotere kunathandizadi?

Chitsanzo chapafupi ndi Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu wa Broken Hill unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Akatswiri a ku University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan atayeza ana a m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2015 zinasonyeza kuti mwana aliyense woyezedwa anali atadutsa mlingo wa 5. Manambala otere ndiwo anathandiza kuti World Bank ivomereze mu 2016 ndalama zoposa madola 65 miliyoni zokonzera madera a migodi ku Zambia. Ntchito ya ku Kabwe sinathe mpaka lero, ndipo phunziro lake ndi lakuti kuchedwa kumadula kwambiri.

Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu pakhomo. Madokotala a bungwe la MSF anapereka mankhwala, ndipo akatswiri anayenda ndi XRF khomo ndi khomo kuloza dothi loyenera kupalidwa. Ku Thiaroye-sur-Mer pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008, ndipo gwero lake linali mabatire akutha. Ku Owino Uhuru mu mzinda wa Mombasa, mayi Phyllis Omido anatsogolera anthu mpaka fakitale yosungunula mabatire inatsekedwa, ndipo chida chawo chachikulu chinali zotsatira za magazi a ana.

Ku Bangladesh ogulitsa ankathira utoto wa mtovu mu tameriki wokometsera ndiwo kuti aoneke wachikasu kwambiri. Akuluakulu a boma atayamba kuyenda ndi XRF m'misika n'kumayeza ogula akuona, tameriki woipa anatsika kuchoka pa 47 pa 100 alionse mu 2019 kufika pa ziro mu 2021.

Kwathu konkuno, bungwe la LEEP litayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi mu 2020, linapeza kuti woposa theka anadutsa malire a 90 ppm. Malawi Bureau of Standards inachitapo kanthu, makampani ena anasintha zosakaniza, ndipo poyezanso mu 2023 penti wa mtovu anali atachepa kwambiri pamsika. Koma amene anapakidwa kale akadali pamakoma, ndipo XRF ndiyo ingamupeze popanda kugumula khoma.

Ku Karonga tingayambire pati, ndipo atsogolere ndani?

Tiyambire pamene ana ndi mtovu zimakumana: malo okonzera mabatire ndi makomo oyandikana nawo, malo ogula zitsulo zakutha, magalaja, depoti, msika waukulu wa pa boma, madooko a asodzi, sukulu za mkaka ndi mabwalo a sukulu za pulayimale. Khonsolo, kudzera mu ofesi ya zachilengedwe ndi ya zaumoyo, ndiyo yoyenera kutsogolera, mothandizana ndi Malawi Environment Protection Authority yomwe inabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, Malawi Bureau of Standards ndi sukulu zaukachenjede monga Mzuzu University.

Karonga ili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Ku Chilumba kwakhala kafukufuku wa zaumoyo kuyambira mu 1979, poyamba wa khate, kenako TB ndi matenda ena, ndipo lero akuyendetsedwa ndi bungwe la MEIRU. Kumeneko kuli labotale, kuli antchito odziwa kuyenda m'midzi, ndipo anthu anazolowera kulandira ofufuza. Alangizi a zaumoyo nawo amakumana ndi ana mwezi uliwonse kusikelo.

Komabe nkhani ya magazi njofunika kuisamala. Mphekesera za anamapopa zomwe zinavuta m'dziko muno mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa. Ntchito iyambe ndi kukagwada kwa mafumu, kuyambira kwa Paramount Chief Kyungu mpaka kwa anyakwawa, ifotokozedwe m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka pa Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur, ndipo mwana asabayidwe popanda chilolezo cha kholo. Zotsatira za pakhomo zipatsidwe kwa mwini khomo tsiku lomwelo, za m'misika ndi m'masukulu zilengezedwe poyera.

Nanga wokonza mabatire adzadya chiyani akaletsedwa?

Iyeyu si mdani. Ndiye woyamba kupuma utsiwo, ndipo fumbi amapita nalo kunyumba pa zovala, kumene mkazi wake amazichapa, mwana wake n'kumukhalira pamiyendo. Kumuthamangitsa mumsika kumangochititsa kuti akasungunulire kuseri kwa nyumba, kumene ana ali pafupi kwambiri. Chofunika ndi chakuti batire lakufa ligulidwe lathunthu, losaswa, ndi asidi wake momwemo, n'kutumizidwa ku fakitale yovomerezeka. Okonza mabatire omwewa ndiwo angakhale otolera, n'kumapeza ndalama pa batire lililonse. Ogulitsa masola ndi mabatire nawonso alandire lakale pogulitsa latsopano. Ndipo amisiriwa akhale oyamba kuyezedwa magazi kwaulere, iwo ndi ana awo.

Podikira makina, pakhomo tichite chiyani?

Musaswe kapena kusungunula batire pakhomo, ndipo lakufa lisakhale m'chipinda chogona ana. Wazani madzi musanasese, ndipo m'nyumba kolopani m'malo mokutumula fumbi. Mwana wokwawa muyalireni mphasa, ndipo musambitseni m'manja ndi sopo asanadye ndi asanagone. Ufa, mpunga ndi usipa musayanike pafupi ndi galaja kapena msewu. Wogwira ntchito ya mabatire, yowotcherera kapena yopenta asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Pogula penti funsani wopanda mtovu, ndipo penti wakale musamupale ali wouma. Amayi oyembekezera apewe kudya dothi. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu.

Chakudya chimathandizanso. Usipa wodyera limodzi ndi minga yake, mkaka, nyemba, bonongwe, chisoso ndi zipatso monga mango ndi bwemba zimachepetsa mtovu umene thupi limayamwa, ndipo mwana asayambe kusewera m'mimba muli mbee.

Bwalo likapezeka loipa, dothi lapamwamba limapalidwa n'kukakwiriridwa pamalo otetezeka, kenako pamathiridwa dothi labwino, kubzala kapinga kapena kuwaka simenti. Pakhomo limodzi ntchito imeneyi ndi ya masiku ochepa, koma siingayambe ngati malowo sanayezedwe. Choncho pa msonkhano wa chitukuko wa m'dera lanu, pa komiti ya sukulu kapena kwa khansala wanu, funsani kuti mabatire akufa a m'dera lino akupita kuti, ndipo pemphani kuti bwalo losewerera ana anu liyezedwe chilimwe chikubwerachi.